Mpando wa malume kuseri kwa sikirini

Malume anga ndiwo ananditengera ku Joni, ndipo ine ndi amene ndinawabweza kumudzi. Nkhaniyi si yachinsinsi. Kuno ku Domasi ngakhale amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu akuidziwa, kungoti aliyense amaikamba mwa njira yake. Ena amati ndinakawanenera kwa mzungu, ena amati ndinawachita mankhwala. Zonsezo n'zabodza, koma zoona zakezo sizindiyeretsa ayi.

Sukulu ndinalekera fomu wanu, nditagwira mphunzitsi pakhosi chifukwa ananyoza nsapato zanga pamaso pa kalasi. Mtima wanga ngwotero kuyambira kale. Ukapsa, makutu amagontha, manja amayamba okha. Amayi atatopa ndi milandu anaimbira foni mlongo wawo, ine ndili pomwepo.

“Achimwene, mtengeni mwanayu asanandiphere munthu kuno.”

Ndinakwera minibasi m'mawa, chikwama pamiyendo, mpaka ku Blantyre. Kuchoka apo basi yaikulu, kudutsa ku Tete, kudutsa Zimbabwe, miyendo itatupa ngati mbatata. Malume anandichingamira atavala jekete lakuda la kampani. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kunena mawu amodzi okha: “Kuno ukamenya munthu, ndikukana kuti sindikudziwa.”

Tinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mayi wina, anthu atatu: malume, ine, ndi Yusufu, mnyamata wachiyao wa cha ku Malosa. Yusufu ndiye ankaphika, chifukwa mphika wogwira ife sankaukhulupirira. “Alomwe inu mumadya chilichonse chokwawa,” ankatero, malume n'kumubwezera kuti mpunga wake ngwa pamaliro. Sabata yoyamba yomwe ndinakangana ndi woyendetsa takisi, Yusufu n'kundipatsa dzina loti Machesi. “Kungokhudza pang'ono, wayaka.” Dzinalo linakafika mpaka kuntchito.

Kampani yathu inkamanga masikirini akuluakulu aja mumawaona pamisonkhano, pamapemphero a m'mabwalo a mpira, ngakhale pamaliro a anthu olemera. Sikirini yotere sibwera yathunthu. Imabwera m'zidutswa zolemera, m'mabokosi a matayala, ndipo pamafunika misana yozinyamula. Msana umodzi unali wanga. Tinkatsitsa lole, kumanga, kumasula, kukwezanso, zala zitang'ambika ndi kuzizira kwa dziko lija. Malume nawonso anayambira pomwepo zaka zambiri ine ndisanafike, mpaka bokosi lina linawapsinja pamasitepe. Kuyambira pamenepo sankanyamula kanthu. Ankakhala pampando.

Mpandowo ndiufotokoze, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Kuseri kwa sikirini, kumene anthu saona, kumakhala tebulo. Pansi pa tebulo pamakhala makompyuta awiri akuluakulu omwe timawatcha maseva. Seva yoyamba ndiyo imatumiza zithunzi ndi mavidiyo kusikirini. Yachiwiri, yomwe timati bakapu, imaseweretsa zomwezo pa nthawi yomweyo, koma palibe amaziona. Imangoyenda pambali mwakachetechete, kudikira tsiku lomwe inzake idzafe. Pakati pa ziwirizi pali kabokosi ka mabatani. Yoyamba ikazima kapena kuuma, munthu adine batani lachiwiri msanga, zithunzi za bakapu zilowe kusikirini anthu asanadziwe kuti chinachake chavuta. Munthu ameneyo anali malume.

Ankafika oyamba. Ankatsatira waya wa magetsi wa seva iliyonse ndi dzanja, kuchokera pabokosi mpaka kukhoma, kuti aone ngati iliyonse ili pa mzere wakewake ndi batire lakelake. Eni msonkhano akabwera ndi vidiyo yatsopano mochedwa, malume sankalola munthu kuchoka isanalowe m'maseva onse awiri. Tiyi sankamwa m'mawa wa tsiku la ntchito, kuopa chimbudzi. Zitseko zisanatsegulidwe pankachitika chomwe tinkati kupha. Kapitawo wathu, a Moyo a ku Zimbabwe, ankazula waya wa seva yoyamba mosachenjeza, malume n'kudina. Sikirini inkangophethira kamodzi n'kupitiriza. Kenako malume ankakhala pamenepo mpaka msonkhano kutha, maso pa timasikirini tiwiri ta patebulo, chala pafupi ndi batani.

Ine, thukuta likutsikira m'maso, ndinkangoona munthu wokhala pansi.

Patapita nthawi a Moyo anandilola kuyala mawaya. Tsiku lina m'holo ina waya wachiwiri anaperewera, ndiye ndinangolumikiza maseva onse awiri pa mzere umodzi. Magetsi ndi magetsi, ndinatero mumtima. Malume atatsatira ndi dzanja lawo lija anaimirira, n'kundikodola ndi chala kuti ndibwere. Nditafika anandigwira khutu. Munthu wa ndevu kale, kundigwira khutu, atsikana oyala mipando ali pomwepo.

“Waya uyu akapsa, yotsala ndi iti?”

“Malume, winayo anali wamfupi.”

“Ndati yotsala ndi iti? Yankha! N'chifukwa chake sukulu inakulavula iwe.”

Atsikana aja Chichewa sankamva, koma khutu lopotokola silifuna womasulira. Anaseka. Ndinamva manja anga akuyamba, koma Yusufu anali atandigwira kale pamkono. “Machesi, amenewa ndi malume ako,” anandinong'oneza. Ndinameza. Koma chomwe ndinameza tsiku limenelo sichinatsike.

Ndinayamba kuonera mavidiyo a pafoni nthawi ya nkhomaliro, ofotokoza za maseva athu omwewo. Chingerezi chake chinkandipitirira, koma ndinkabwereza mpaka ndione pomwe munthuyo akudina. Ndi mmene ndinapezera chinthu chomwe chinandiimitsa tsitsi. Maseva awiri aja amatha kulankhulana okha kudzera pa kawaya kamodzi. Yoyamba imangouza inzake mosalekeza kuti ndilipo, ndilipo, ndilipo. Ikangokhala chete, bakapu imalowa yokha, n'kulamula kabokosi ka mabatani popanda chala cha munthu. Masiku opukuta katundu kumosungira zinthu ndinkayesera mobisa. Zinatheka.

Ndinawafunsa a Moyo mozungulira ngati ankadziwa kuti makinawo angathe kudzisinthira okha. Sanatukule n'komwe mutu. “Siya zimenezo, kanyamule mabokosi.” Ndinati ndi nsanje, safuna Mmalawi wosaphunzira adziwe zinthu. Ndinamuuza Yusufu tikutsuka mbale. Anasiya kutsuka.

“Chimene watolacho, kachibwezere pomwe wachitola.”

“Bwanji? Ukufuna tizinyamula mabokosi mpaka imvi?”

“Ndakuuza, amwene. Kachibwezere.”

Chifukwa chake sananene, ndipo ine sindinafunse kawiri. Kunena zoona, sindinkaganiza za ntchito ya malume. Sindinkaganiza za mawa n'komwe. Ndinkangofuna kuti nawonso amve kutentha kwa khutu pamaso pa anthu.

Mwayi unabwera pa msonkhano wina waukulu wa madokotala. Mwini kampani, mzungu yemwe sitinkamuona kawirikawiri, anabwera yekha kudzaona kukonzekera. M'mawa umenewo, anthu ali kalikiliki ndi nyale, ndinalumikiza kawaya kanga n'kuyatsa chinthu chija. Nthawi ya kupha itakwana, a Moyo akuwerama kuti azule, ine ndinalankhula mokweza.

“Malume, chotsani dzanja.”

Anandiyang'ana ngati sanamve. Ndinatembenukira kwa mzungu uja ndi Chingerezi changa chothyokathyoka, kuti bwana yang'anani kusikirini. Ndinazula waya ndekha.

Sikirini sinaphethire. Vidiyo inangopitirira ngati palibe chachitika. Ndipo m'kachetechete momwemo tonse tinamva kuti kha! Chala cha malume chinali chitatsikira pabatani mwa chizolowezi, kudina chinthu chomwe chinali chitachitika kale.

Mzungu anati tibwereze. Ulendo uno anawapempha malume, mwaulemu ndithu, kuti aike manja pamiyendo. Anaika. Ndinazulanso. Chimodzimodzi. Mzunguyo anaseka, anandisisita paphewa, kenako anafunsa a Moyo chifukwa chomwe sanamuuzepo zimenezi. A Moyo anayankha zoti zinthu zodzichitira zokha n'zosadalirika, koma mawu awo analibe msana. Ine ndinayang'ana kwa malume kuti ndione khutu lawo likutentha. Sankandiyang'ana. Ankayang'ana manja awo.

Masana a Moyo anandikokera kuseri kwa lole. Sindinawaonepo atakwiya chotero.

“Ukuganiza kuti wavumbula chiyani, iwe? Chinthu chimenecho chili m'makinamo kuyambira tsiku lomwe anagulidwa. Amene amachizimitsa ndine.”

Anapitiriza osandipatsa mpata.

“Msana wa mkuluyu unathyokera pantchito ino, ndipo palibe anamupatsa kanthu. Mpando uja ndiye chipukuta misozi chake. Tonse timadziwa. Woyendetsa lole amadziwa, mnzako wogona naye amadziwa. Wosadziwa anali mzungu yekha, ndi iwe. Tsopano watsala ndani wosadziwa?”

Madzulo a tsikulo ndinadikira kuti malume andimenye, kapena andithamangitse m'chipinda. Ndikanakonda. Anadya, anathokoza Yusufu, anagona atayang'ana kukhoma. Mwezi utatha anawaitana kuofesi. Anawauza kuti mpando sukufunikanso, koma ngati akufuna angathe kubwerera ku mabokosi. Anayesa. Ndinawaona akuwerama pa bokosi, mano atalumana, ine n'kuthamangira kuti ndigwire mbali inayo. “Gwira lako,” anatero. Sabata isanathe analephera kudzuka pamphasa.

Tsiku lobwerera kumudzi, kokwerera basi ndinawanyamulira chikwama, ndipo anandilola. Ndinali nditakonza mawu njira yonse, koma atakhala pafupi ndi zenera anayamba ndi iwo.

“Magetsi uzitsatira ndi dzanja, osati ndi maso. Chobwera mochedwa uziika monse muwiri. Wamva?”

“Ndamva, malume.”

“Chabwino. Bwerera, ungachedwe kuntchito.”

Kuntchito anandikweza udindo. Mabokosi ndinawasiya, ndinakhala womanga maseva. Ndinaona nyanja ku Durban, ndinagona m'mahotela a mabedi oyera, kwathu ndinakhoma malata. Ntchito ndinkaidziwa, pamenepo sindinama. Mizere iwiri ya magetsi, mabatire awiri, kawaya kolankhulirana, kupha zitseko zisanatsegulidwe. Ndikamaliza, tebulo linkatsala lokha, ine n'kumathandiza a zokuzira mawu.

Koma pa msonkhano uliwonse ndinkapemphera pemphero loipa. Ndinkapempha kuti makina alephere kamodzi kokha. Sikirini ide pamaso pa anthu onse, mzungu athamange, afunse kuti mkulu uja ali kuti. Tsiku lina ndinafika pogwira kawaya kaja, kuti ndikamasule pang'ono kaoneke ngati kanachoka kokha. Ndinakasiya nditakumbukira kuti woyamba kuchotsedwa akanakhala a Moyo. Ndinali nditadya kale munthu mmodzi.

Ndipo sanalephere. Seva yoyamba inafapo ndithu. Kamodzi magetsi anathima m'busa ali pakati pa ulaliki, bwalo litadzaza. Kwina inangotentha n'kuzima yokha. Bakapu inkalowa mwakachetechete, anthu n'kumaimba aleluya osadziwa kanthu. Anzanga ankandiomba m'manja, ine ndili ngati ndameza mwala. Yusufu sanasamuke, ankaphikabe za awiri, koma nthabwala za Alomwe zinatha m'chipinda muja. Ndikaimba foni kumudzi n'kufunsa za malume, amayi ankangoti, “Alipo,” n'kuyamba za mvula.

Chinandibweza ndi ukwati. Pali mtsikana wa cha ku Mishoni, Esinati, yemwe tinkaimba naye kwaya ndisanachoke. Tinapitiriza pafoni zaka zonsezo, ndipo anatopa n'kudikira. Nditafika ndinapeza amayi atachepa thupi, akundiyalira mphasa yatsopano ngati mlendo. Nditatchula za Esinati anapukusa mutu.

“Kwa eni mwana sikupita mnyamata yekha. Nkhoswe yako ndani?”

“Mwina tipemphe a mpingo, amayi.”

“A mpingo anakubereka? Uli ndi malume amodzi. Ukapanda kukawagwadira, ukwati umenewo uuiwale.”

Malume amakhala kuchikamwini, kumunsi kwa chigwa kumene amalima mpunga. Ndinabwereka njinga. Mwamuna wa pachikamwini akabwera kuchokera ku Joni ndi chikwama chimodzi ndi msana wakufa, mudzi sumulandira ndi nthungululu. Zimenezo ndinaziwerenga pankhope ya anti, akazi awo, omwe ndinawapeza akupeta pakhonde. Sanaimirire.

“Eee, afika abwana a makina. Tikuyalireni pati, poti mipando kuno inatha?”

“Anti, ndabwera kudzaona malume.”

“Ali kuntchito. Ntchito ya ana, poti ndi yomwe munawasiyira. Tsatani ngalandeyo.”

Dzuwa linali paliwombo. Ndinawapeza pachulu, pansi pa kamsasa ka udzu, akupirikitsa mpheta mumpunga wa apongozi awo. Anali ataonda, ndevu zitayera. Ndinagwada m'matope momwemo ndi buluku langa la ku Joni. Anandipatsa moni bwinobwino, anafunsa za ulendo, za Yusufu, za a Moyo. Kenako, maso ali kumpunga, anafunsa:

“Makina aja. Anayamba alepherapo?”

Funso limenelo sindinalikonzekere. Ndinayang'ana manja awo, ndinayang'ana kamsasa kaja, pakamwa panga n'kuyamba pokha.

“Analephera, malume. Kamodzi, ku Durban. Sikirini yonse bii, anthu kukuwa. Mzungu mpaka anati mukanakhalapo inu sizikanachitika.”

Anakoka chingwe choopsezera mbalame, zitini zomangirirapo zinalira, mpheta zinauluka n'kukateranso patsogolo pang'ono.

“Yusufu amandiimbira mwezi ndi mwezi,” anatero. “Ndimamufunsa funso lomweli.”

Ndinazolika.

“Mpando unandilanda, chabwino. Tsopano ukufuna undisandutsenso mwana womunyengerera ndi switi? Ntchito unamanga bwino. Nena choncho.”

“Sanalepherepo, malume.”

“Eya.”

Pamenepo zonse zinatuluka mosalongosoka. Ndinati sindinkadziwa, kenako ndinati ayi, ndikanadziwa ndikanafunsa kawiri. Ndinati chinali khutu lija. Ndinawapempha kuti anditukwane, andimenye ndi ndodo yawoyo, chilichonse. Anandisiya mpaka ndinatha mawu.

“Khutu ndinalakwa, pamaso pa anthu paja,” anatero. “Koma khutu linapola tsiku lomwelo, mphwanga. Tanena chomwe wabwerera. Mayi ako ananditumizira kale mawu.”

Ndinanena za Esinati. Anafunsa mudzi wake ndi dzina la malume ake, n'kugwedeza mutu kuti akuwadziwa.

“Ndipita. Ndiwe mwana wa mlongo wanga, ndilibe kothawira. Koma unkhoswe si kukagulitsa mbuzi yodwala. Akandifunsa kuti mnyamatayu ngwotani, ndikanena kuti ntchito amaidziwa, mowa samwa, mayi ake anawakhomera malata. Ndikanenanso za mphunzitsi uja. Ndikanena za ine. Ndikawauza kuti ameneyu akapsa mtima safunsa kuti chigwera ndani, ndipo amatha kusunga mkwiyo mpaka tsiku la anthu ambiri. Mtsikanayo akhale pomwepo, amve yekha. Akakufunabe, ndi zake.”

Ndinamva makutu akuyamba kugontha. Ndinamva manja. Esinati amadziwa kuti ndine waukali, koma za mpando wa malume ndinamuuza mwa njira yanga, yoti kampani inkachepetsa anthu. Ndinakanikiza manja onse awiri m'matope mpaka anazizira.

“Mukanene zonse, malume.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali, koyamba chichokereni ku Joni. Kenako anandipatsa chingwe.

“Tagwira apa, ndikawongole msana.”

Malume akupita kwa abale a Esinati Loweruka likubwerali. Ndawabwerekera njinga yamoto chifukwa cha msanawo, ndipo sindinawapemphe kuti akabisepo kanthu. Dzulo ndinapita ndekha ku Mishoni kukamuuza Esinati nkhani ya batani monga inachitikira, kuti asakaimvere koyamba pamphasa pamaso pa abale ake. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula. Nditatha anangoti akufuna akawamve kaye malumewo.